Kuyeza PFAS, DDE ndi PCB M'magazi a Anthu: Kuyambira pa Mkono ku Salima Mpaka ku Labotale

Makemikolo a m'mafakitale ndi a m'minda amene amakhalitsa m'thupi la munthu amapezeka m'magazi pa mlingo wochepetsetsa. Zotsatira zake zimalembedwa m'mananogalamu pa mililita, ndipo nanogalamu imodzi pa mililita ikufanana ndi galamu imodzi yokha itasungunuka m'madzi odzaza zigubu 50,000 za malita 20. Pa mlingo wotere chivindikiro cha kabotolo, pipeti yogwiritsidwa ntchito kawiri, kapena fumbi la m'chipinda n'zokwanira kusintha nambala. Makina oyezera amangowerenga chimene achipeza m'kabotolo. Sadziwa ngati chidachokera m'thupi la mayi wa ku Lifuwu kapena pa chitsekerero. Choncho kafukufuku wa mtundu uwu amakhoza kapena kulephera akadali kuno, pa tebulo lotengera magazi, m'bokosi loziziritsira ndi mufiriji, sampulo isanakwere n'komwe ndege.

Magulu awiri ofuna kasungidwe kosiyana

Musanagule chubu ngakhale chimodzi, dziwani chimene mukusaka, chifukwa makemikolowa ali m'magulu awiri ndipo chimene chimateteza gulu limodzi chimaononga linzake.

Gulu loyamba ndi lokonda mafuta. Muli DDT, amene kale ankathiridwa m'minda ya thonje, komanso DDE, amene DDT amasanduka akalowa m'thupi ndipo amakhalamo zaka zambiri. Mulinso dieldrin, lindane, HCB, ndi ma PCB a m'mafuta a matiransifoma akale, makamaka PCB 138, 153 ndi 180 omwe ndiwo amaoneka kwambiri mwa anthu. Onsewa amabisala m'mafuta a m'thupi, ndipo m'magazi amayenda pamodzi ndi mafuta a m'magaziwo.

Gulu lachiwiri ndi la PFAS, makemikolo opangidwa m'mafakitale okhala ndi fluorine, lomwe odziwika ake ndi PFOS, PFOA, PFHxS ndi PFNA. Awa adagwiritsidwa ntchito m'thovu lozimitsira moto, pa nsalu zosalowa madzi, pa mapepala okulungira zakudya zonona, komanso popanga mapoto osamatirira. Sasamala za mafuta. Amakangamira pa albumin, puloteni ya m'madzi a magazi. Thupi limatenga zaka pafupifupi 2 mpaka 4 kuti lichotse theka la PFOA, zaka 3 mpaka 5 pa PFOS, ndipo PFHxS amatha kupyola zaka 5. N'chifukwa chake magazi a tsiku limodzi amanena za zaka zambiri zapitazo, osati za dzulo lokha.

Pangano la Stockholm, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2001 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2004, ndilo limalamulira makemikolowa padziko lonse, ndipo Malawi ali momwemo. DDT ndi ma PCB adalimo kuyambira pachiyambi, PFOS adawonjezeredwa mu 2009, PFOA mu 2019, PFHxS mu 2022.

Pali chisokonezo chimodzi chimene chimabuka msanga kuno kunyanja. Kupopera mankhwala a udzudzu m'nyumba kudayamba ku Nkhotakota mu 2007 ndipo Salima idalowa patapita zaka zochepa, koma mankhwala ake adali a gulu la pyrethroid, kenako pirimiphos-methyl, yemwe alinso mu Actellic wothira m'chimanga. Awa sakhalitsa m'thupi. Amatuluka m'masiku ochepa ndipo zotsalira zake zimayezedwa mumkodzo. Ngati funso lanu ndi la mankhwala opopera amenewa, kapena a m'minda ya nzimbe a masiku ano, njira tikufotokozayi si yanu.

Chilolezo ndi anthu a m'mudzi

Ndondomeko ya kafukufuku iyenera kuvomerezedwa ndi National Health Sciences Research Committee kapena COMREC, makomiti oona kuti kafukufuku wa zaumoyo akulemekeza anthu, musanakhudze mkono wa munthu aliyense. Ngati masampulo adzapita kunja kwa dziko, monga zimakhalira kawirikawiri pa PFAS, pamafunikanso pangano lotumizira masampulo pakati pa bungwe lanu ndi labotaleyo, lovomerezedwa ndi komiti yomweyo. Yambani kulikonza msanga chifukwa limachedwa. Lembani mayina a makemikolo onse amene mudzayeze, ndipo musaganize kuti seramu (madzi a magazi otsala magaziwo akaundana) yotsala mudzaigwiritsa ntchito pa kafukufuku wina popanda chilolezo chatsopano.

Kenako pitani ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Salima, ku khonsolo, kwa a T/A a dera lomwe mukagwireko, kaya kwa Maganga, kwa Khombedza kapena kwa Kalonga, ndi kwa magulupu ndi anyakwawa awo. Izi si mwambo chabe. Mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu m'maboma a kummwera mu 2017, ndipo gulu la alendo lofika ndi galimoto, majakisoni ndi mabokosi otseka limafanana ndendende ndi zimene mphekeserazo zimanena. Magazi atengedwe masana, pachipatala chaching'ono chimene anthu amachidziwa, ndi anamwino kapena a ku labu amene anthu amawaona masiku onse, alangizi a zaumoyo a m'deralo ali pomwepo. Pa msonkhano wa kwa amfumu onetsani chubu chopanda kanthu, chiyende m'manja mwa anthu, ndipo nenani mosabisa kuti, "Amayi ndi abambo, titenga machubu awiri otere, omwe ndi masupuni anayi a tiyi. Magaziwo apita ku dziko lakuti, akayezedwa zakutizakuti zokha, ndipo otsala adzatayidwa." Wopereka magazi ku chipatala amapereka mamililita 450, inu mukupempha 20.

Fomu ya chilolezo ikhale ya Chichewa, ndipo m'midzi ina ya m'mbali mwa nyanja mufunikanso wotanthauzira m'Chiyao. Wosadziwa kulemba adinde chala pamaso pa mboni yosakhala ya gulu lanu. M'madera a Asilamu ambiri pewani Lachisanu masana, ndipo mwezi wa Ramadan kambiranani kaye ndi mashehe. Yezani hemoglobin ndi kadontho ka pachala musanatenge magazi ambiri, pakuti kuno malungo ndi likodzo zimachepetsa magazi mwa anthu ooneka abwinobwino. Wochepa magazi kwambiri musamutenge. Mutumizeni kwa adokotala. Pa ana tsatirani mlingo umene komiti yavomereza malinga ndi kulemera kwa mwanayo.

Mafunso ofunsa tsiku lomwelo

Nambala ya ku labotale yopanda mbiri ya mwini wake ilibe ntchito. Lembani zaka, ngati ndi mwamuna kapena mkazi, kulemera, msinkhu, ndi zaka zomwe munthu wakhala m'deralo. Kwa amayi funsani ana amene abereka ndi miyezi yonse imene ayamwitsa, chifukwa mimba, kuyamwitsa ndi msambo zimatulutsa ena mwa makemikolowa m'thupi, moti mayi wa ana 6 angathe kukhala ndi mlingo wotsika kuposa mwamuna wake ngakhale amadyera mbale imodzi. Woyembekezera madzi a m'magazi ake amachuluka, ndiye nambala imatsika. Lembani miyezi ya mimbayo. Amene waonda msangamsanga chifukwa cha TB, matenda ena aakulu kapena njala, mafuta ake akamasungunuka amatulutsira DDE ndi PCB m'magazi ndipo nambala imakwera popanda chatsopano cholowa m'thupi. Pachifukwa chomwechi musayerekeze magazi otengedwa mu February, nthawi ya njala, ndi otengedwa mu June anthu atakolola.

Pa zakudya musangofunsa kuti "mumadya nsomba?" Ku Senga Bay aliyense ayankha kuti inde. Funsani mtundu wake ndi kangati pa sabata: usipa ndi utaka paokha, kampango ndi mlamba paokha, chifukwa nsomba zikuluzikulu zodya zinzake ndi zonona ndizo zimaunjika makemikolo ambiri. Funsani za madzi akumwa, ngati ndi a mjigo, chitsime, nyanja kapena mpopi. Funsani za ntchito: kupopera thonje zaka zakale, kukonza matiransifoma, kuzimitsa moto, kuotcha zinyalala ndi mawaya.

Zipangizo, ndi msampha wa Teflon

Kwa munthu aliyense wamkulu konzani machubu awiri a mamililita 10 a chivindikiro chofiira, opanda mankhwala oletsa kuundana ndiponso opanda jelo. Jelo wa m'machubu achikasu amatha kuyamwa makemikolo okonda mafuta, ndiye mupeweni. Singano ikhale ya 21G. Magolovesi akhale a nitrile opanda ufa. Gulani machubu onse a nambala imodzi ya fakitale ngati n'kotheka, ndipo tumizani angapo opanda kanthu ku labotale akayezedwe kafukufuku asanayambe. Kupeza kuti machubu ndi odetsedwa mutatenga kale magazi a anthu 300 kulibe pothawira.

Tsono timabotolo tosungiramo seramu ndi pomwe ambiri amagwa. Seramu ya PFAS imasungidwa m'timabotolo ta pulasitiki ya polypropylene ta mamililita 2, ndipo isakhudzane ndi Teflon, pulasitiki ya pa mapoto osamatirira ija, paliponse, kaya pa chivindikiro, pa tepi kapena pa kapaipi, chifukwa Teflon ndi wa banja lomwelo la makemikolo a fluorine ndipo angathe kuwonjezera zimene mukuyezazo. Galasi silikondedwa pa PFAS chifukwa ena amamatirira m'khoma mwake. Seramu ya DDE ndi PCB ndiye imafuna zosiyana kotheratu: kabotolo kagalasi kofiirira, kotsukidwa ndi acetone ndi hexane kapena kootchedwa pa 450°C kwa maola 4, kokhala ndi chivindikiro chokutidwa ndi Teflon yemweyo, pakuti pulasitiki imayamwa makemikolo okonda mafuta ndipo imatulutsanso zake zosokoneza makina. Motero pa tebulo limodzi pali chivindikiro chimene ndi chofunika kumanja koma choononga kumanzere. Ikani mitundu iwiriyi m'mabokosi osiyana mtundu, mbali ziwiri za tebulo, ndipo yambani kuthira za PFAS musanagwire zivindikiro za timabotolo tagalasi. Njira yabwino koposa ndi kupempha labotale yodzayezayo kuti itumize yokha timabotolo toyezedwa kale.

Ogwira ntchito asavale majekete osalowa mvula pa tebulo, asadzole mafuta oteteza ku dzuwa kapena othamangitsa udzudzu m'manja, ndipo chipisi cha m'mapepala chidyedwere kunja, kenako asambe m'manja. M'chipindamo musapoperedwe mankhwala a tizilombo m'masiku a ntchito.

Kutenga magazi ndi kupatula seramu

Matani malebulo pa machubu ndi timabotolo munthu ali pomwepo, okhala ndi nambala yachinsinsi, osati dzina. Lebulo ikhale yopirira kuzizira ndipo izungulire kabotolo mpaka nsonga zake zikumane, apo ayi idzamatuka mufiriji. Inki ya maka wamba imafufutika ikakhudzidwa ndi sipiriti.

Ngati n'kotheka tengani magazi mmawa munthu asanadye, chifukwa chakudya chimakweza mafuta a m'magazi pamodzi ndi DDE ndi PCB oyenda nawo. Kumudzi kumene anthu amachokera kutali wapansi izi sizitheka nthawi zonse, ndipo si chifukwa chobwezera munthu. Ingolembani nthawi imene adadya komaliza, masamu a mafuta amene ali mmunsimu adzakonza zambiri. PFAS sasintha kwenikweni ndi chakudya cha mmawa umenewo.

Pukutani pamkono ndi sipiriti wa 70% ndipo dikirani aume. Lamba womanga pamkono asapitirire mphindi imodzi. Ngati mukutenganso chubu cha EDTA, mankhwala oletsa magazi kuundana, chofiira chiyambe. Chubu chofiira chapulasitiki chili ndi ufa wothandiza kuundana, ndiye chitembenuzeni pang'onopang'ono kasanu, musachikhutchumule.

Imikani machubu chilili pamthunzi kwa mphindi 30 mpaka 60 kuti magazi aundane bwino. Mukafulumira, seramu imatuluka ndi timinyewa toyera totseka pipeti ndi makina. Mukawasiya pa zenera kapena m'galimoto m'mwezi wa October, pomwe Salima imatha kupyola 35°C, maselo ofiira amasweka ndipo seramu imafiira. Kufiirako kuli ndi vuto lenileni: PFOS ndi PFOA m'seramu amachuluka pafupifupi kawiri kuyerekeza ndi m'magazi athunthu, ndiye madzi a m'maselo osweka amasungunula sampulo, komanso amasokoneza kuyeza mafuta. Zina zoswa maselo ndi singano yaing'ono kwambiri, kukoka mwamphamvu ndi sirinji, chubu kugunda paketi ya ayezi, ndi kugwedezeka pa njinga yamoto mumsewu wa mabampu. Magazi athunthu musawaumitse mufiriji ngakhale pang'ono.

Zunguzani machubu mu centrifuge, makina opatula seramu ndi maselo, pa 1,000 mpaka 1,300 g kwa mphindi 10 mpaka 15, makamaka pasanathe maola 2 chitengereni magazi. Onetsetsani kuti g si rpm: g ndi mphamvu ya kuzunguzako, pomwe rpm ndi kangati makina azungulira pa mphindi. Makina ambiri a m'zipatala zathu amaonetsa rpm yokha, ndiye yezani mtunda kuchokera pakati pa makina kufika pansi pa chubu m'masentimita. Masamu ake ndi awa: g = 0.00001118 × mtunda × rpm × rpm. Pa mtunda wa masentimita 15, 1,300 g ndi pafupifupi 2,800 rpm. Pa masentimita 10 ndi pafupifupi 3,400 rpm. Machubu ayang'anizane olemera mofanana, ndipo makina aime okha. Ngati pamalopo palibe magetsi, centrifuge yaing'ono yoyendera batire ndi inveta ndi yabwino kuposa kunyamula magazi osapatula. Zikakanika, magazi akaundana aikeni chilili m'bokosi la 2°C mpaka 8°C, siponji ili pakati pa machubu ndi ayezi, ndipo akapatulidwe tsiku lomwelo ku chipatala cha boma.

Machubu awiri amapereka seramu pafupifupi mamililita 8. Igaweni motere: mililita imodzi imodzi m'timabotolo tiwiri ta polypropylene ta PFAS, mamililita 2 mpaka 2.5 m'timabotolo tiwiri tagalasi; yotsalayo m'kabotolo ka polypropylene koyezera cholesterol, triglycerides, creatinine ndi albumin. Munthu aliyense pipeti yakeyake, ndipo siyani seramu pang'ono pamwamba pa maselo m'malo moyamwa ofiira. Kabotolo kagalasi kasadzaze kupyola magawo awiri mwa atatu ndipo kaume kali chopendekera, chifukwa seramu ikamauma imafufuma n'kuswa galasi. Amene akufuna kuyeza dioxin, kemikolo ina yokonda mafuta, adziwe kuti seramu imeneyi ndi yochepa. Afunse labotale asanalembe n'komwe ndondomeko.

Machubu a madzi okha

Umboni wokhawo woti nambala zanu ndi za anthu osati za zipangizo ndi ma blank, machubu a madzi okha oyenda njira yonse imene magazi ayenda. Pemphani labotale ikutumizireni madzi otsimikizidwa kuti alibe makemikolowa. Tsiku lililonse la ntchito, pamalo aliwonse, kokerani madziwo m'chubu chofiira kudzera mu singano yatsopano, aime nthawi yofanana ndi magazi, azungulire mu centrifuge, athiridwe ndi pipeti m'timabotolo ta mitundu yonse iwiri, ndipo ayende ulendo wonse pamodzi ndi masampulo. Asachepere mmodzi pa masampulo 20 alionse. Madzi a m'botolo ogula m'sitolo kapena a distilled a pachipatala sagwira ntchito imeneyi, chifukwa akapezeka ndi kanthu simudzadziwa ngati vuto lidali madziwo kapena zipangizo.

Onjezaninso mapasa obisika: pa munthu mmodzi mwa 10 kapena 20 alionse, tumizani timabotolo take tonse tiwiri ndi manambala osiyana, labotale osaiuza. Zotsatira zikasiyana kupyola pafupifupi 20%, pali chofunika kufunsa.

Kuzizira ndi ulendo

Makemikolowa saola, n'chifukwa chake tikuwasaka. Chimene chimaonongeka ndi seramuyo. Ikasungunuka n'kuumanso kangapo, mapuloteni amaundana, mafuta amapatukana, madzi amauluka pa chivindikiro chosamanga bwino, ndipo gawo limene labotale idzatape silifanananso ndi sampulo yonse. Kuzizira kwa -20°C n'kokwanira kwa miyezi yambiri; -80°C n'kwabwino pa kusunga kwa zaka. Pewani firiji yodzisungunula yokha chipale, chifukwa imatentha pang'ono tsiku lililonse. Firiji ya katemera si yanu, ndipo ya mbali mwa msika yosungira nsomba musaiganizire n'komwe.

Magetsi adzazima, ndiye konzekeranitu. Firiji youmitsa yotsegula pamwamba imasunga kuzizira nthawi yaitali kuposa yoimirira, makamaka mukadzaza malo otsala ndi mabotolo a madzi oundana. Ikanimo kachipangizo kolemba kutentha usana ndi usiku, lumikizani ku jenereta kapena sola, ndipo pakhale munthu wodziwika ndi dzina amene amaimbiridwa foni usiku. Musaunjike masampulo a miyezi itatu ku Salima. Sabata iliyonse kapena ziwiri atengereni ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, ali ouma m'bokosi lodzaza mapaketi a ayezi okulungidwa m'majumbo otseka. Nyamukani m'mamawa.

Potumiza kunja kudzera pa bwalo la ndege la Kamuzu, seramu ya anthu imapakidwa ngati UN3373: kabotolo kotseka, m'chotengera chachiwiri chosadontha chokhala ndi zoyamwa madzi, m'bokosi lolimba lakunja. Dry ice, mpweya wa carbon dioxide woumitsidwa woziziritsira bokosilo, ili ndi chizindikiro chakechake, UN1845. Imazizira kufika -78.5°C ndipo imauluka makilogalamu angapo tsiku lililonse malinga ndi bokosi, ndiye werengerani masiku a ulendo n'kuwonjezapo awiri a kuchedwa pa kasitomu. Bokosi lake lisamatidwe mpaka kusowa potulukira mpweya, lingaphulike. Tumizani Lolemba kapena Lachiwiri, mutaona kalendala ya maholide a dziko lolandiralo. Kabotolo kachiwiri ka munthu aliyense, kupatula a mapasa obisika aja, katsale kuno mpaka oyambawo atafika n'kuyezedwa.

Zofunsa labotale musanalipire

PFAS amayezedwa ndi LC-MS/MS, makina opatula makemikolo m'madzi n'kuwazindikira ndi kulemera kwake. Amathira m'seramu makemikolo ofanana ndi osakidwawo koma okhala ndi carbon-13 kuti aziona zotayika m'njira, amachotsa mapuloteni ndi acetonitrile kapena methanol, kapena kusefa pa kasefa kotchedwa SPE, kenako makina amawerenga PFOA pa 413→369 ndi PFOS pa 499→80 komanso 499→99, manambala osonyeza kulemera kwa kemikolo ndi kwa chidutswa chake ikaswedwa. Funsani ngati amawerenga zonse ziwiri za PFOS, chifukwa asidi wina wa mu ndulu amaonekeranso pa 499→80 n'kunamizira PFOS. Funsani ngati adachotsa mapaipi a Teflon m'makina kapena kuikamo delay column, kachipangizo kochedwetsa PFAS wochokera m'makina momwemo kuti asasakanikirane ndi wa m'sampulo, komanso ngati PFOS wa nthambi amamuwerengera pamodzi ndi woongoka, pakuti malabotale awiri osiyana pamenepa sangafanane nambala. Malire otsikitsitsa a 0.1 ng/mL ndi amene kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa NHANES wa ku America amagwiritsa ntchito. Labotale ya malire a 1 ng/mL ingathe kukubwezerani tsamba lodzaza ndi "sizinapezeke".

DDE ndi PCB amayezedwa ndi makina opatula makemikolo mu mpweya, GC-MS, kapena GC-ECD yomwe ndi yotchipa koma yosavuta kunamizidwa. Apa funsani kayeretsedwe ka sampulo: asidi wa sulfuric amachotsa mafuta bwino koma amaononga dieldrin. Funsaninso ngati amayesa kusweka kwa DDT pakhomo pomwe sampulo imalowera m'makina, chifukwa pakhomopo pakada DDT amasanduka DDE ndi DDD momwemo, ndipo malire ozolowereka ndi 15%. Labotale yabwino imakhala ndi chiphaso cha luso cha ISO/IEC 17025, imayeza seramu yotsimikizidwa ya NIST SRM 1957 kapena 1958, ndipo imapikisana m'mayeso a malabotale monga G-EQUAS ya ku Germany kapena AMAP. Ipempheni ikuonetseni zotsatira zake za chaka chatha.

Ndalama zikachepa, seramu ya anthu a msinkhu ndi dera limodzi ingaphatikizidwe mofanana n'kuyezedwa ngati sampulo imodzi. WHO ndi UNEP, bungwe la United Nations loona zachilengedwe, amachita chimodzimodzi ndi mkaka wa m'mawere wa amayi 50 a mwana woyamba. Mumapeza chithunzi cha dera, koma simungathenso kulumikiza nambala ndi thanzi la munthu payekha.

Kuwerenga zotsatira

Yambani ndi ma blank. Kemikolo iliyonse imene ikuoneka m'ma blank pa mlingo woyandikira wa anthu, zotsatira zake za masiku amenewo n'zokayikitsa.

DDE ndi PCB amalembedwa pa galamu ya mafuta. Njira ya Phillips ya 1989 imati mafuta onse mu mg/dL ndi 2.27 × cholesterol + triglycerides + 62.3. Ngati labu yapereka mmol/L, chulukitsani cholesterol ndi 38.67, triglycerides ndi 88.57. Mwachitsanzo, cholesterol 160 ndi triglycerides 100 zikupereka 525.5 mg/dL, omwe ndi magalamu 0.005255 pa mililita. Munthuyo akakhala ndi DDE wa 2.0 ng/mL, ndiye kuti ali ndi pafupifupi 381 ng pa galamu ya mafuta. PFAS sachitidwa masamu amenewa; amasiyidwa mu ng/mL. Yang'ananinso DDT poyerekeza ndi DDE: DDE wambiri ndi DDT wochepa ndi za kale, koma DDT akayandikira DDE pali pena pomwe akulowerabe posachedwapa, ndipo ndi nkhani yokauza a zachilengedwe ndi a Pesticides Control Board.

Zochepera malire a makina musalembe ziro. Ambiri amaika malirewo atagawidwa ndi 1.414, motero 0.1 amakhala 0.07. Anthu ochepa amakhala ndi nambala zokwera kwambiri zimene zimakoka avereji wamba, ndiye lembani nambala yapakati, geometric mean (avereji yosakokedwa kwambiri ndi nambala zazikulu), ndi nambala imene anthu 95 mwa 100 ali pansi pake. Ngati oposa 40% ali pansi pa malire, ingonenani kuchuluka kwa amene apezeka nawo.

Poyerekeza ndi thanzi pali miyeso ingapo yodziwika. Mu 2022 National Academies ya ku America idati PFAS 7 zikaphatikizidwa, pansi pa 2 ng/mL sayembekezera vuto, pakati pa 2 ndi 20 vuto lingakhalepo makamaka kwa oyembekezera ndi ena osatetezeka, ndipo kuyambira 20 chiopsezo n'chokwera. IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, idaika ma PCB mu 2013 ndi PFOA mu 2023 m'gulu 1 la zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa, DDT mu 2015 m'gulu 2A la zomwe ziyenera kuti zimayambitsa, PFOS m'gulu 2B la zomwe mwina zingayambitse. Kafukufuku wa C8, wa anthu pafupifupi 69,000 a ku West Virginia ndi Ohio, adapeza kuti PFOA ayenera kuti akukhudzana ndi kukwera kwa cholesterol, matenda a chithokomiro, zilonda za m'matumbo aakulu, khansa ya impso, khansa ya machende, ndi kuthamanga kwa magazi pa nthawi ya pakati. Koma anthu amenewo ankamwa madzi oipitsidwa ndi fakitale kwa zaka zambiri, ndipo magazi otengedwa kamodzi sangatsimikize chimene chidayambitsa matenda. Impso zofooka zimalephera kutulutsa PFAS, ndiye mukapeza PFAS wokwera mwa odwala impso, mwina matendawo ndiwo akweza nambala. Ichi n'chifukwa chake creatinine uja tidamusungira kabotolo.

Zotsatira za munthu payekha ziperekedwe mseri, ndi wazachipatala, m'kalata ya Chichewa yonena nambala yake, nambala yapakati ya gulu lonse, ndi kumene angapite ndi mafunso. Kalatayo inene momveka kuti kupezeka kwa kemikolo si matenda, ndi kuti mankhwala "otsuka magazi" ogulitsidwa m'misika sachotsa PFAS kapena DDE. Mayi woyamwitsa auzidwe kuti apitirize kuyamwitsa, monga WHO imalangizira. Za nsomba musalengeze kanthu musanayeze nsombazo pazokha. Usipa ndiye ndiwo yodalirika ya mabanja ambiri kuno, ndipo mawu amodzi olakwika pa msonkhano angagwetse malonda a doko lonse. Amene nambala yawo ili pamwamba pa 95% ya gulu, yezaninso kabotolo kawo kachiwiri kaye, ndipo ikatsimikizika apiteni kunyumba ndi mafunso a ntchito yawo, madzi awo, ndi zigubu zimene amasungiramo mafuta ophikira ndi mbewu.